Diso Lamanzere la Bambo Anga

Bambo anga, a Desmond Ackroyd, anayendetsa basi nambala 14 kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, kuchokera pamsika wa Thornsby kukwera mpaka ku nyumba za kuphiri n'kubwereranso, kasanu ndi katatu pa tsiku. Tauni yonse inkangowatchula kuti Des. Amayi okalamba okwera ndi zikwama za kumsika ankawasungira maswiti, ana asukulu ankawaopa, ndipo zidakwa za Loweruka zinkatsika zokha akangoziyang'ana pagalasi. Anali munthu wamtali, wamapewa ngati chitseko, wamphuno yokhota imene anaithyola pa mpira ali mnyamata. Akamameta ndevu ankadziseka okha: "Ukaipa dziwa nyimbo, mwanawe. Ine nyimbo yanga ndi chiwongolero."

Nthenda yawo yeniyeni inali liuma. Kwa dokotala sankapondako. Mayi anga analowa m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo patatha milungu isanu anatuluka ali m'bokosi. Kuyambira pamenepo bambo akamadutsa ndi basi pageti la chipatala ankayang'ana kumbali. Chimfine, tiyi. Msana, tiyi. Dzino linawasautsa chaka chathunthu mpaka linachita manyazi n'kugwa lokha. Ukawauza za dokotala ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse: "Adokotala ali ndi odwala enieni, ine ndikawavutitsirenji?" Akatero n'kuyatsa ndudu, ndipo pa tsiku zinkatha makumi awiri.

Tinkakhala awiriwiri m'kanyumba ka njerwa zofiira kogundizana ndi tinzake. Nditakwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anzanga ambiri anakalowa ntchito kufakitale ya mabisiketi. Ine ndinapita ku koleji ya fomu sikisi, kumene umakhala zaka ziwiri ukuphunzira maphunziro atatu okha amene wasankha wekha, kuti malikisi ake akakutsegulire chitseko cha yunivesite. Ndinasankha mbiri yakale, Chingerezi ndi zojambula, koma ziwiri zoyambazo zinali zongoperekeza.

"Zaka ziwiri kuphunzira kupaka utoto?" anatero bambo. "Iwe Kirsty, bwera kudepoti, mabasi onse akulira penti, ukaphunzira pa sabata imodzi." Koma Loweruka lake anabwera ndi kabokosi ka mapensulo khumi ndi awiri, n'kukaponya patebulo ngati achita kutola panjira.

Chipinda cha zojambula chinali pamwamba penipeni pa nyumba ya koleji, cha mawindo a padenga, chonunkha mafuta otsukira maburashi. Mwini wake anali Mayi Garside, mphunzitsi wamfupi wa tsitsi laimvi lometa ngati la mnyamata, wovala epuloni youma gwa ndi utoto wa zaka zambiri. Tsiku loyamba anazungulira ndi chitini cha mabisiketi n'kutilanda malabala tonse. "Labala ndi wa anthu abodza," anatero. "Ukalakwitsa, jambula mzere wina pambali pake, wolakwikawo ukhale pomwepo uzikuchititsa manyazi." Tsamba lililonse la m'buku lojambulamo tinkalemba deti pakona, ndipo kung'amba tsamba kunali ngati kuba m'tchalitchi, chifukwa oyesa mayeso samangofuna kuona kumene wafika, amafunanso njira imene wadzera.

Iwowa ndi amene anatiphunzitsa kuyeza. Umatambasula mkono wonse osapinda chigongono, pensulo ili chilili, umatsinzina diso limodzi, nsonga ya pensulo umailunjika pamwamba pa chinthu chimene ukuyezacho, chala chachikulu n'kutsetsereka mpaka pansi pake. Muyezo umenewo umausamutsira papepala. "Osajambula zimene ukudziwa, jambula zimene ukuona," ankatero akuyenda kumbuyo kwathu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinkawaopa mayi amenewa, komanso ndinkawakhulupirira kuposa m'busa.

Chaka chachiwiri aliyense amasankha chinthu chimodzi choti azichijambula chaka chonse mpaka buku lidzaze, ndipo malikisi ambiri amachokera m'bukumo. Wina anasankha mageti a dzimbiri, wina zigaza za nkhosa, mtsikana wina zidole zothyoka makosi. Ine ndinasankha bambo anga, poti Lamulungu lililonse tikatha kudya nyama yootcha ndi mbatatesi, ankakhala pampando wa pawindo ola ndi theka osagwedezeka ngati thumba la simenti. Anavomera, koma anaika lamulo lawo: sadzayang'ana m'bukumo mpaka litatha. "Ndikaona nkhope yangayi chakudya chisanatsike, ndisanza," anatero. Sukulu ya zaluso ya ku Glasgow imene ndinkailakalaka inkafuna giredi yapamwamba ya A, ndipo ndinaona kuti nkhope imeneyi, ndi mphuno yake yokhotayo, indifikitsa.

Pa 4 Okutobala ndinatambasula mkono monga mwa masiku onse. Ndinayeza diso lamanja, kuchokera pa chikope cham'munsi kufika cham'mwamba. Ndinayeza lamanzere. Linachepa pang'ono, ngati kunenepa kwa mtengo wa machesi. Ndinati akuwodzera, n'kujambula momwemo. Lamulungu linalo muyezo unali womwewo, ndipo ndinaonanso china: kamwana ka diso lamanzere kanali kakang'ono kuposa ka lamanja. Pa 18 ndi pa 25 zinali chimodzimodzi, chikope chikutsikirabe pang'onopang'ono. Ndinkangojambula, poti ndi zimene ndinkaona.

Lolemba lililonse Mayi Garside ankayala mabuku athu patebulo lalikulu, tonse titaimirira mozungulira, iwo n'kumatisenda mmodzimmodzi. Atafika pa langa anaima, n'kuliyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kirsty, tayandikira. Bambo ako ali ndi maso awiri, kapena limodzi ndi theka?"

Anzanga anafa nacho chiseko.

"Ndi mmene alili, Madamu."

"Asa! Aliyense amene diso lachiwiri lamukanika amanena zomwezo, ndazimva zaka makumi atatu. Diso la kuwindo ukulijambula ndi mtima wonse, la kumthunzi ukulichitira ulesi. Taona, milungu inayi cholakwa chomwechomwecho. Ndi maso amenewa, A muiwale, mwana wanga."

Sindiwaimba mlandu ayi. Mwa ana zana amene amajambula maso osiyana, makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi amakhala atalakwitsadi. Tsoka lake, wa zana ndinali ine.

Madzulo ake ndinawafunsa bambo akudya nyemba za m'chitini pa buledi. "Ababa, diso lanu lamanzere likumva bwanji?"

"Likuona mtsikana amene sanatsuke mbale," anatero osadzutsa mutu. Nkhani inathera pomwepo.

Pa 1 Novembala ndinachita chinthu chimene chimandidzutsabe mpaka lero. Ndinayeza diso lamanja, ndinalijambula, kenako muyezo womwewo ndinausamutsira kumanzere. Papepala panatuluka mwamuna wa maso awiri ofanana, owala, wooneka bwino kuposa mmene anaonekerapo. Lolemba Mayi Garside anakweza buku langa m'mwamba kuti onse aone. "Eya! Tsopano wayamba kuona," anatero. Ine ndinamwetulira.

Mvetsani bwino apa. Kuyeza sindinasiye. Dzanja likazolowera silimva za mwini wake, ndiye Lamulungu lililonse chala changa chinkatsetsereka pa pensulo n'kundiuza zoona, ine n'kujambula bodza. Panalibe munthu m'dziko muno amene ankadziwa za diso limenelo kuposa ine. Ndinkadziwa kuti mu Novembala chikope chinaphimba m'mphepete mwa pakuda, ndi kuti mu Disembala chinatsikiranso. Ndikakwera basi yawo popita ku koleji ndinkakhala mpando wa kumbuyo kwawo, maso ali pagalasi lawo loonera okwera, ndikuwerenga kuphethira kwawo. Iwo ankangoti, "Ukundiyang'aniranji ngati ndakubera?"

Kenako linayamba phewa. Nyumba yonse inayamba kununkha mankhwala opaka aja otentha, ndipo ankakhala pampando atatsamira botolo la madzi otentha. Ankati ndi chiwongolero cha mabasi akale. Pa Khirisimasi tinakhala m'khitchini motentha ndi uvuni, titavala tizipewa ta mapepala, ndipo ndinawayang'ana pankhope. Mbali yamanja ya chipumi thukuta linali kamukamu, koma mbali yamanzere inali youma ngati khoko la buledi, malire ake ali pakati penipeni ngati wina wachita kulemba ndi rula. Ndinathawira kubafa n'kukatsegula mpopi kuti asamve kulira kwanga. Mu Januwale kapu ya tiyi inawapulumuka m'dzanja lamanzere n'kusweka. Anaitukwana kapuyo. Lamulungu lake ndinaona kuti pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pamene panali mnofu wonenepa, palowa kadzenje. Ndinajambula nyuzipepala itaphimba dzanjalo. Mayi Garside anayamikira kwambiri mmene ndinajambulira makwinya a nyuzipepalayo.

Mudzandifunsa kuti bwanji sindinakuwe. Ndinali ndi mantha, basi. Ndinkaona ngati chinthucho chikugona, ndipo ndikachitchula dzina chidzuka. Ndinkakumbukira mayi akupinda zovala zoti akavale kuchipatala, akundiuza kuti abwera Lachisanu. Ndinkadziuza kuti mphunzitsi wa zaka makumi atatu sangalakwe, wolakwa ndine ndi maso angawa. Komanso ndisakunamizeni, A ndinkamufuna. Chimenecho ndiye chimandinyansa kwambiri, koma chinalipo.

Pakati pa Febuluwale panali tsiku loti makolo akakumane ndi aphunzitsi. Amaika timatebulo m'holo, mphunzitsi aliyense pakake, kholo lililonse limapatsidwa mphindi zisanu, belu likalira mumasuntha. Bambo anabwera atangoweruka, atavala jekete la kampani ya mabasi, akununkha fodya ndi mankhwala a phewa. Wa mbiri yakale anati ndine waulesi, wa Chingerezi anati ndimalota masana, bambo n'kumangogwedeza mutu mokondwa ngati akumva nyimbo. Kenako tinakhala pansi kutsogolo kwa Mayi Garside. Aka kanali koyamba kuti awiriwa aonane.

"Bambo Ackroyd, nkhope yanu ndiye ndikuidziwa kale," anayamba choncho akusanthula mapepala. "Mwana wanuyu chaka chino anayamba mokhota, koma kuchokera Novembala wa..."

Anadzutsa mutu. Anawayang'ana bambo nthawi yaitali. Kenako, ndikhulupirira osadziwa n'komwe chimene akuchita, anatola cholembera, anatambasula mkono wonse, n'kutsinzina diso limodzi. Ndinaona chala chawo chikutsetsereka, kumanja, kenako kumanzere.

"Madamu, mukufuna kundibaya?" anatero bambo akuseka.

Mayi Garside sanaseke. Anaika cholembera pansi pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa ine. "Kirsty, masamba a Okutobala aja."

"Eee, Madamu."

"Sunalakwitse."

"Ayi, Madamu."

Belu linalira. Makolo ena anali ataima kale kumbuyo kwathu, koma iwo sanawayang'ane. "Bambo Ackroyd, ine si dokotala, ndine wa utoto chabe. Koma nkhope za anthu ndaziyang'ana moyo wanga wonse. Chonde, kaonetseni diso limenelo. Sabata ino, osati yamawa."

"Ha! Ndabwera kudzamva malikisi a mwana, ndalandira anga," anatero bambo, n'kuwagwira chanza mwaulemu. Koma titangotuluka panja nthabwala zinatha. Anayenda mofulumira pa chisanu, ine ndikuthamangira pambuyo. "Wakhala ukuwauza chiyani anthu za ine? Ukudziwa zimene amachita dalaivala akangotchula diso? Amamulanda laisensi tsiku lomwelo! Ndiye tizidya chiyani, utoto?" Anayatsa ndudu ndi dzanja lamanja, lamanzere lili m'thumba. Masiku atatu otsatira tinkangopatsana mchere patebulo osalankhulana.

Lamulungu, pa 21 Febuluwale, anakhalabe pampando wawo, poti mwambo ndi mwambo ngakhale anthu atayambana. Ndinatambasula mkono n'kuyamba kuyeza. Ndinajambula zonse. Chikope chogwa mpaka theka la diso, kamwana kakang'ono ngati kanjere ka mpiru, phewa lokwera chifukwa cha ululu, dzanja lopanda nyuzipepala ndi kadzenje kake. Nditatha ndinaswa pangano lathu. Ndinatembenuza buku n'kuliika pamaondo awo.

Analiyang'ana osaphethira. "Ameneyu ndi ndani?"

"Ndinu, Ababa."

Anadzuka, anapita pagalasi la m'khonde pamene ankapesera tsitsi popita kuntchito, ndipo anakhalako nthawi yaitali moti tiyi anazizira. Munthu amene amameta ndevu tsiku lililonse amayang'ana chibwano, sayang'ana maso ake. Atabwera sanakhale pansi. "Kaimbe foni kwa dokotala mawa," anatero. "Koma ndikupitira iwe, kuti usiye kundiyang'ana ngati ndafa kale."

Lolemba limenelo ndi limene mabuku onse ankayenera kuperekedwa kuti akatsekeredwe m'kabati kudikira malikisi. Nditawauza Mayi Garside kuti bambo avomera kupita kwa dokotala, anandikankhira buku langa pachifuwa. "Tenga, pita nalo. Zotsalazo ndiyankha ndine."

Lachitatu m'mawa tinalowa kwa Dokotala Lomax, mayi wachitsikana wa nkhope yotopa, amene kunja kwa chitseko chake kunali anthu khumi ndi awiri akutsokomola. Wodwala aliyense amapatsidwa mphindi khumi. Bambo anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili m'manja, ngati mwana woitanidwa kwa ahedi.

"Zinayamba liti, bambo Ackroyd?"

"Aaa, sabata yatha kapena. Si kanthu adokotala, ndi mwanayu wandikokera kuno. Pepani pokutayitsani nthawi."

Ndinatulutsa buku n'kuliika patebulo. "Ndimawajambula Lamulungu lililonse. Madeti ali pakona."

Adokotala anadabwa pang'ono, koma anayamba kutsegula. Anaima pa 4 Okutobala, anayang'ana bambo, anayang'ananso tsamba. Anatsegula pa 11, pa 18, pa 25. Kenako anafika pa Novembala, ndipo ndinaona mapewa awo akumasuka. Anapitiriza Disembala, Januwale, masamba khumi ndi asanu ndi limodzi a mwamuna wa maso ofanana, mpaka tsamba lomaliza lija.

"Ooh, buku ili latithandiza," anatero. "Ndiye kuti chinabwera mu Okutobala, chinatheratu miyezi itatu ndi theka, tsopano chabwereranso. Zimenezi zikundikhazika mtima pansi. Chinthu chimene chikukula sichipita kutchuthi. Mwina ndi kutopa chabe, poti ntchito yanu ndi ya maso. Tiyeni tidikire miyezi iwiri, mukaona kuti sichikusintha mudzabwerenso."

Bambo anali atayamba kale kumanga mabatani a jekete. Nkhope yawo inawala ngati mmene inkawalira timu yawo ikagoletsa. "Wamva, namwino wamkulu? Chimabwera n'kupita! Tiye, ndikugulira tchipisi."

Mayo ine! Chitseko chinali pomwepo, mapazi atatu. Ndikanangokhala chete, tonse atatu tikanasangalala, ndipo bambo sakanadziwa mpaka kalekale chimene mwana wawo anachita. Koma ndinatsegula pakamwa.

"Adokotala, sichinathe."

Onse anandiyang'ana.

"Masamba awa ndi abodza. Kuyambira apa mpaka apa." Ndinawagwira onse pamodzi pakati pa zala. "Ndinkakopera diso lamanja n'kuliika kumanzere, chifukwa anandiuza kuti ndikulakwitsa, ndiye ndinkafuna malikisi. Chikope sichinakwerepo ndi tsiku limodzi lomwe, chakhala chikutsika sabata ndi sabata. Pa Khirisimasi mbali iyi ya nkhope sinatuluke thukuta. Phewa likuwapweteka kuyambira Novembala. Nyuzipepala iyi kunalibe, ndinaijambula kuti ndibise dzanja."

Bambo sindinawayang'ane, ndinkangoona zala zawo zitaima pa batani lachitatu. Adokotala anadzuka, anazimitsa getsi, anatseka katani, n'kuwaunika m'maso ndi katochi. Anawauza kuti afinye zala zawo ndi manja onse awiri. Anafunsa za fodya, zaka zingati, ndudu zingati. Atayatsanso getsi kutopa kuja kunali kutachoka pankhope pawo, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse. Ananyamula foni. Masana omwewo bambo analowa pageti lija ankalithawa ndi maso, kukaunikidwa m'chifuwa ndi makina.

Pobwerera tinakwera 14 yomweyo ngati anthu wamba. Mnzawo amene ankayendetsa anawaseka kuti lero abwana akwera yaulere. Tinadutsa pamsika, tinayamba kukwera chitunda, bambo akungoyang'ana pawindo. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna atandikalipira.

"Miyezi inayi?" anafunsa osandiyang'ana.

"Eee."

"Wekhawekha, osauza munthu?"

"Eee, Ababa."

"Chitsiru cha mwana," anatero. Kenako anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba n'kugwira langa. Anafinya ndi mphamvu zawo zonse, koma ine ndinangomva ngati wandigwira mwana wakhanda.

Chinali chotupa cha khansa pamwamba penipeni pa phapo lamanzere, pamalo pamene pamadutsa mitsempha yopita ku diso ndi kumkono. Chinali kutali ndi njira za mpweya, n'chifukwa chake sankatsokomola. Madokotala anawawotcha ndi makina opha khansa milungu isanu, kenako anawang'amba n'kuchotsa chotupacho pamodzi ndi nthiti ziwiri. Ine ndinalemba mayeso anga akulu a zojambula, masiku atatu m'chipinda cha padenga chija, iwo ali chigonere ndi mapaipi m'chifuwa, ndipo sindikumbukira n'komwe chimene ndinapenta. Dokotala wa opaleshoni anandiuza kuti tikanadikira miyezi iwiri ija, mpeni sukanathandizanso. Ndinalimba mtima n'kumufunsa kuti nanga tikanabwera mu Okutobala? Anati zimenezo palibe angadziwe, koma ponena mawuwo maso ake anapita pa dzanja lamanzere la bambo. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo ine ndinaziona ndi maso.

Dzanjalo silinabwerere mwakale. Chiwongolero anachisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo tsiku limene anakabweza jekete kudepoti anakana kuti ndiwaperekeze. Atachira anapeza ntchito yowolotsa ana pamsewu wa pasukulu ya pulaimale, chikwangwani chili kudzanja lamanja, akukalipira madalaivala a 14 kuti sadziwa kumanga buleki. Mayi Garside anabwera kuchipatala ndi mphesa, akulira, ndipo bambo ndi amene anawatonthoza. "Madamu, musadandaule," anatero, "nkhope iyi inasokonezapo anthu ambiri." Ine ndinapeza B. Ku Glasgow sindinapite, ndinaphunzira ku Leeds komwe ndinkatha kubwera kunyumba Loweruka lililonse.

Lero bambo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Liuma likadalipo, ndipo kalata ya kuchipatala ikabwera amaibisa pansi pa wotchi mpaka ndiipeze. Za miyezi inayi ija sanazitchulenso, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titayambana chotani. Koma Lamulungu lililonse tikatha kudya amapita okha pampando wa pawindo, amavula magalasi, n'kuika manja onse awiri poyera pamaondo. Ine ndimatambasula mkono. Ndimayeza maso, khosi, mapewa, manja, ndipo nthawi yonseyo amapuma pang'onopang'ono ngati munthu wobisala. Mantha amene ndinali nawo ndili mtsikana sanachoke, anangokalamba nane limodzi.

"Ndiye?" amafunsa ndikaika pensulo pansi.

"Chimodzimodzi, Ababa."

"Tabweretsa ndione."

Ndimatembenuza buku. Sayang'ana khosi kapena mapewa, zimenezo sazidziwa. Amapita molunjika pa diso lamanzere, n'kuliyang'anitsitsa atayandikiza tsamba kumphuno. Akaona kuti ndalijambula logwa, lopinimbira, lonyansa monga mmene lilili, amatulutsa mpweya wonse umene anasunga.

"Eya," amatero. "Wanena zoona."

Akatero amadzuka kukatereka ketulo ndi dzanja lamanja.